Liwu limodzi loti "raise", nanga matanthauzo onsewa akuchokera kuti?

Funso

Ndine bambo wa ana atatu ndipo ndimagwira ntchito ya ukalaliki pakampani ina yogula ndi kugulitsa mbewu ku Kasungu. Mwezi watha abwana ananditumizira uthenga pafoni woti "Please raise an invoice for the 40 bags of soya." Ine kusukulu ndinaphunzira kuti "raise" ndi kukweza, ndiye ndinatenga invoisi yakale n'kukweza mtengo wa thumba lililonse. Wogula atailandira anaimba foni atapsa mtima, abwana nawo anandizazira pamaso pa anzanga. Sabata yomweyo mwana wanga wa Fomu 3 analakwa mayeso chifukwa cholemba kuti "The price of sugar has raised." Kutchalitchi akuti tichite "raise" ndalama za denga, pawailesi ndimamva "raise awareness". Kodi liwuli kwenikweni limatanthauza chiyani, ndipo munthu angadziwe bwanji tanthauzo loyenera?

Yankho

Pepani bambo ndi zomwe zinakuonekerani, koma musadzitenge ngati mbuli. Aphunzitsi anu sanakunamizeni. Anangokupatsani nthambi imodzi ya mtengo womwe uli ndi nthambi zambiri, ndipo tsoka lake nthambi yomwe abwana anu anagwira tsiku limenelo inali ina.

Ndiyambe ndi vuto la mwana wanu, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani yonse, komanso chifukwa pamenepa ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi waukulu. Aneni athu ambiri amayenda awiriawiri: kukwera ndi kukweza, kutsika ndi kutsitsa, kudzuka ndi kudzutsa, kutuluka ndi kutulutsa, kugwa ndi kugwetsa. Woyamba, chinthu chimachita chokha. Wachiwiri, pali wina amene akuchichititsa. Ngakhale mwana wa kumkaka sanganene kuti "mtengo wa shuga wakweza", chifukwa aliyense angamufunse kuti wakweza chiyani. Chingerezi chilinso ndi awiri omwewa. "Rise" ndi kukwera, "raise" ndi kukweza. Mwana wanu analemba "wakweza" pomwe amafuna kunena "wakwera", basi.

Akanatha kulemba m'njira zitatu, zonse zokhoza. "The price of sugar has risen", mtengo wa shuga wakwera. "The shops have raised the price of sugar", masitolo akweza mtengo wa shuga. Kapena "The price of sugar has been raised", mtengo wa shuga wakwezedwa. Mumuuze kuti nthawi zonse akafuna kulemba "raise" azidzifunsa kaye m'Chichewa kuti ndani akukweza chiyani. Akasowa yankho, ndiye kuti akufuna "rise". Aloweze kuti "rise" amasintha kukhala "rose" ndi "risen", pomwe "raise" amangoti "raised" ponseponse. Ndipo asachite manyazi kwambiri, chifukwa ndamvapo aphunzitsi enieni akuuza kalasi kuti "rise your hands", komwe n'kuuza ana kuti "kwerani manja".

Awiriawiri oterewa m'Chingerezi atsala ochepa, n'chifukwa chake amasokoneza ngakhale eni chiyankhulo. Pali "lie" ndi "lay", kugona ndi kugoneka. "Sit" ndi "set", kukhala ndi kukhazika. "Fall" ndi "fell", kugwa ndi kugwetsa, monga wodula mtengo amachitira. Ife njirayi ikadali yamoyo ndipo mneni pafupifupi aliyense tingamupangire mnzake. Kwa Angerezi inafa kalekale, anangotsala ndi zigoba zake.

Tsopano ku invoisi yanu. Kuti imveke, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

"Raise" si liwu lomwe Angerezi oyambirira anali nalo. Linabwera ndi anthu a ku Scandinavia, aja amatchedwa ma Viking, omwe anayamba kuthira nkhondo magombe a England cha m'ma 793, nalanda mzinda wa York mu 866, kenako n'kukhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa dzikolo, kukwatirana ndi eni dera. M'chiyankhulo chawo munali liwu loti "reisa", ndipo pofika cha m'ma 1200 linali litayamba kuoneka m'zolemba za Chingerezi. Anthu omwewa ndi amene anasiyira Chingerezi mawu ngati "egg", "sky", "skin", "take" ngakhalenso "they". Angerezi anali nalo kale liwu lawolawo la ntchito yomweyo, lomwe lero ndi "rear", lija timalimva pa nkhani yoweta ziweto. Awiriwa ndi pachibale, gwero lawo ndi limodzi, koma mlendo uja anadzatenga malo ambiri mpaka mwini mudzi anatsala ndi kakona kakang'ono.

Chofunika pa mbiriyi ndi ichi: tanthauzo lakalekale la liwuli silinali kukweza mtengo kapena nambala. Linali kudzutsa chogona, kuimika chomwe chinali pansi. Munthu ankachita "raise" mwala wachikumbutso, mzati, nyumba, kapena mnzake wogona. Ndiye ine ndikamaphunzitsa ndimauza ophunzira kuti m'mutu mwawo asunge mawu awiri, kukweza ndi kuutsa, ndipo wachiwiriyu ndi amene amatsegula zitseko zambiri. Taganizirani mmene ife timagwiritsira ntchito kuutsa kapena kudzutsa. Fungo la nyama yootcha limautsa mudyo. Mawu olankhulidwa mosasamala pamaliro amautsa mapiri pachigwa. Wina amadzutsa nkhani yomwe anthu anaiwala, wina amadzutsa nyumba pamalo pomwe panali thengo. M'zonsezi palibe chomwe chanyamulidwa kupita m'mwamba. Chinthu chomwe kunalibe, kapena chinali chete, chaoneka.

Abwana anu amatanthauza zimenezo. "Raise an invoice" ndi kulemba invoisi yatsopano, kuidzutsa pomwe panalibe. Ndi Chingerezi cha m'maofesi a ku Britain chomwe ife tinatengera limodzi ndi mafayilo ndi zidindo zawo, ndipo Mmereka wamba akhoza kudabwa nacho ngati mmene munadabwira inu, chifukwa kwawo amakonda kunena "issue" kapena "create". Munali kachizindikiro m'uthengawo komwe kakanakupulumutsani: kaliwu koti "an". Abwana akanati "raise the price on the invoice", apo ndiye mukanakweza mtengo mosakayika. Koma "an invoice" ndi invoisi yomwe sinalembedwe, ndipo chinthu choti kulibe simungachikweze, mungathe kungochipanga. Muofesi mudzakumana nazo zambiri za mtunduwu: "raise a requisition", "raise an LPO" (chikalata choitanitsira katundu), "raise a payment voucher", "raise a query". Anyamata a makompyuta adzakuuzani kuti muchite "raise a ticket" makina akavuta, komwe ndi kulembetsa dandaulo lanu kuti lilowe pamzere. Zonsezi ndi kulemba chikalata choyambitsa ntchito.

Choncho funso lodzifunsa ndi lakuti: kodi chinthu chomwe chatchulidwa pambuyo pa "raise" chilipo kale ndipo chili ndi muyeso? Mtengo, malipiro, lendi, fizi, chiwongoladzanja, msinkhu wa khoma, zaka zopumira pantchito, zonsezi zili ndi muyeso, ndiye "raise" ndi kukweza. Ngati chinthucho kulibe, "raise" ndi kuchibweretsa.

Ndalama za denga la tchalitchi zili m'gulu lachiwirili. "Raise money" si kukweza ndalama, ndi kusonkha, kutolera, kusaka ndalama mpaka zikwane. Pepa Sande, bigi woku, kugulitsa malaya olembedwa dzina la mpingo, zonse zija amazitcha "fundraising". Mafumu akale a ku Ulaya ankachitanso "raise an army", kusonkhanitsa amuna m'midzi kuti akhale gulu lankhondo, ndipo maganizo ake ndi omwewo, kutolera mmodzimmodzi mpaka chioneke chinthu.

Pa ndalama pomwepa ndi pamene pali misampha yomwe kalaliki ayenera kuidziwa bwino kuposa wina aliyense, chifukwa imabisala m'timawu ting'onoting'ono. Tayerekezani kuti komiti ya tchalitchi inagwirizana zosonkha K5 miliyoni. Wina akalemba kuti "We raised K5 million", ndalamazo zapezeka, zili m'manja. Akalemba kuti "We raised the target to K8 million", palibe tambala yomwe yalowa, angokweza mlingo womwe akufuna kufika. Akalemba "We raised the target by K8 million", awonjezera K8 miliyoni pamwamba pa K5 miliyoni ija, ndiye akufuna K13 miliyoni. "To" amakuuzani pomwe zafika, "by" amakuuzani chomwe chawonjezedwa. Kusiyana kwa timalembo tiwiri kokha kungathe kugwetsa munthu m'ngongole. Atolankhani nawo amapunthwa pano. Boma likanena kuti likufuna "to raise taxes", kawirikawiri ndi kukweza misonkho. Likanena "to raise revenue" kapena "to raise K50 billion through taxes", ndi kutolera, ndipo n'kutheka kutolera zambiri popanda kukweza msonkho uliwonse, pongotseka mipata ya ozemba. Womasulira nkhani wa pawailesi akasakaniza ziwirizi amaopseza dziko lonse pachabe.

Pali kanthu kena koseketsa pa malipiro. Wantchito wa ku London akawonjezeredwa malipiro amati walandira "a pay rise". Mnzake wa ku New York amati walandira "a raise". Mukalowa kukhitchini zinthu zimatembenuka: ufa wa tirigu wothira kale zotupitsa, uja amayi ena amaugula pophika makeke ndi masikono, ku Britain ndi kuno kwathu umalembedwa "self-raising flour", pomwe ku America ndi "self-rising flour". Palibe lamulo lomwe lingakufotokozereni chifukwa chake, ndi chizolowezi chabe. Kwathu kuno ambiri timazemba mkanganowu pongonena "increment". Pamayeso a MANEB mwana wanu atsate za ku Britain. Ndipo poti tili kukhitchini, yisiti, soda ndi bekingi paudala amazitcha "raising agents": izo zimachita "raise" ufa wokanda, ufawo n'kuchita "rise". Izo zimatupitsa, iwo umatupa. Ndi awiriawiri aja abweranso.

Tanthauzo lomwe limandisangalatsa kwambiri ndi la ana. Mngerezi amati "raise children", amatinso "raise goats", "raise chickens", ndipo mlimi wa ku America amafika ponena "raise corn" pomwe wa ku Britain angati "grow maize". Ife sitingayerekeze. Mwana timalera, mbuzi timaweta, chimanga timalima, ndipo munthu atakuuzani kuti makolo anu anakuwetani bwino, nkhaniyo ingakathere kwa amfumu. Musaganize kuti Angerezi sanalione vutoli. Kwa nthawi yaitali aphunzitsi a galamala, makamaka ku America, ankakalipira ana kuti "raise" ndi wa ziweto ndi mbewu, munthu amachitidwa "rear", ndipo ku Britain ankakonda "bring up". Koma pakamwa pa anthu sipamva lamulo la m'buku. Lero "born and raised" akunenedwa paliponse ndipo palibe amene amakhumudwa, pomwe "rear" uja, yemwe ankati ndi wa ulemu, tsopano amamveka kwambiri kukhola kuposa kunyumba. Ine ndimaona kuti pano Chichewa chinachita bwino kusiyanitsa, koma Chingerezi nachonso chili ndi mfundo yake: kaya ndi mwana, kaya ndi thole, kaya ndi mmera, mwatenga kanthu kosatha kudziimira n'kukasamala mpaka kaime pakokha.

Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri m'makalata ofunsira ntchito ndi "I was grown up in Mzimba". Nenani "I grew up in Mzimba", ndinakulira ku Mzimba, kapena "I was raised in Mzimba", ndinaleredwa ku Mzimba. Woyambayo sanena za wina aliyense, wachiwiriyo akuvomereza kuti panali manja a anthu.

Poti ndinu munthu wopemphera, mwina munaonapo kusiyana uku m'Baibulo la Chingerezi osakulabadira. Pa Yohane 11 Yesu anachita "raise" Lazaro, ife timati anamuukitsa. Pa Mateyu 28, m'Baibulo la King James la mu 1611, mngelo akuuza amayi kumanda kuti "he is risen", wauka. Pa 1 Akorinto 15:4, Baibulo lomwelo limati "he rose again", pomwe mabaibulo ambiri atsopano amati "he was raised", anaukitsidwa. Kuuka ndi kuukitsidwa: akatswiri a zaumulungu amakhala nthawi yaitali pa kusiyana kumeneku, ndipo mlaliki wa Chichewa sachita kufunika kumufotokozera chifukwa chiyankhulo chake chinamupatsa kale mawu onse awiri.

Ku Nyumba ya Malamulo mumamva awiriwa ali phewa ndi phewa. Phungu amaimirira n'kunena "I rise on a point of order", kapena sipikala amanena kuti phunguyo "has raised a point of order". Iye waimirira yekha, mfundoyo waidzutsa. Kuchokera apa pakubwera gulu lalikulu la zolankhula: "raise a question", "raise an issue", "raise an objection", "raise concerns". Ndi kubweretsa nkhani pabwalo, kuitula kuti anthu aikambe. Abwana akadzakuuzani kuti "raise it with accounts", akutanthauza kuti kakambeni nkhaniyo ndi a ku akaunti. "Raise the alarm" ndi kukuwa, kuimba mfuu mbala zikalowa m'khola. "Raise awareness" wa mabungwe uja ndi kuzindikiritsa anthu kapena kuwatsegula maso, ngakhale kunena zoona liwuli lagwiritsidwa ntchito m'malipoti mpaka latha mchere. Nthawi zambiri limangotanthauza kuti kunachitika msonkhano ndipo anthu analandira fanta. "Raise hopes" ndi kupatsa anthu chiyembekezo, ndipo kawirikawiri limanenedwa mochenjeza, kuti musawapatse chiyembekezo chomwe simudzakwaniritsa.

Ziwalo za thupi zili ndi zake. "Raise your hand" ndi kukweza dzanja m'kalasi kapena povota, koma "he raised his hand to his wife" ndi nkhani ya kupolisi, chifukwa ndi kutukula dzanja kuti amenye. "Raise your voice" ndi msampha womwe Amalawi ambiri timagwamo. Ife tikati "kwezani mawu" timapempha mwaulemu kuti kumbuyo kuno sitikumva. Koma kwa Mngerezi, munthu amene "raised his voice" nthawi zambiri wakalipa, ndipo "don't raise your voice at me" ndi "usandizazire". Pamsonkhano mukafuna kuti mlendo amveke, nenani "please speak up". Chinthu chikachita "raise eyebrows" ndiye kuti chadabwitsa anthu ndi kuwakayikitsa, monga kalaliki wa malipiro ochepa akatulukira ndi galimoto yatsopano, ife timati anthu ayamba kunong'onezana. "Raise a glass" ndi kukweza tambula pofunira wina zabwino paukwati. Nkhani ya "hair-raising" ndi yochititsa tsemwe.

Ena anachokera kumasewero. "Raise the bar" ndi wa odumpha: wina akadumpha, kamtengo kaja amakakweza kuti otsatira avutike, ndiye aliyense amene wachita bwino mpaka anzake ayenera kulimbikira amanenedwa choncho. "Raise the stakes" ndi wa panjuga, kuwonjezera ndalama zomwe mwabetcha. "Curtain-raiser", masewero a achisodzera omwe amayamba matimu akuluakulu asanalowe m'bwalo, anachokera ku nyumba za zisudzo, komwe kasewero kakafupi kankatsegulira sewero lenileni katani ikangokwezedwa. "Raise hell" ndi "raise Cain" ndi kuchita chipolowe, kuutsa mapiri pachigwa kuja. Kaini wake ndi yemwe uja wa m'buku la Genesis. Mwana wanu adzakumananso nalo liwuli m'masamu: "2 raised to the power of 3" ndi 2 kuchulukitsa ndi 2 kuchulukitsanso ndi 2, yankho 8, osati 6.

Tsono pali malo awiri pomwe liwuli limatembenukira mwini wake. Loyamba: m'mabuku a mbiri mukawerenga kuti asilikali "raised the siege", musaganize kuti anakhwimitsa nkhondo. Anasiya kuzinga mzindawo, anapasula misasa n'kuchoka. Chimodzimodzi "raise an embargo" ndi kuchotsa chiletso, ngakhale masiku ano ambiri amati "lift" pofuna kupewa chisokonezo chomwechi. Chithunzi chake ndi cha mpiringidzo: ukaukweza, njira yatseguka. Lachiwiri ndi la khutu. Pali liwu lina, "raze", lochokera ku Chifalansa, lomwe limatchulidwa ndendende ngati "raise" koma limatanthauza kugumula mpaka pansi. Mukamva pawailesi kuti msika "was razed to the ground", wapsa kapena wagumulidwa wonse. Wolemba akaphonya kalembedwe kake amamanga chomwe moto wanyeketsa.

Mbendera yathu imasunga phunziro lonseli bwinobwino. Pa 6 Julaye 1964 ku Blantyre, mbendera ya Britain itatsitsidwa, ya Malawi "was raised", inakwezedwa ndi manja a anthu. Pansalu yakuda ya pamwamba pali "rising sun", dzuwa lotuluka lokha popanda wolikweza, kwacha. Ndipo dzuwalo lili ndi "rays" 31, mizere ya kuwala kwake ija, liwu lachitatu lomveka chimodzimodzi ndi "raise" ndi "raze". Nkhondo ya John Chilembwe ya mu Januwale 1915 mabuku amaitcha "rising" kapena "uprising", chifukwa anthu anadzuka okha.

Mwina mukudandaula kuti liwu limodzi lisenze katundu yense uyu bwanji. Koma tafunsani mzungu wophunzira Chichewa za mneni wathu kumva. Timamva mawu ndi khutu, timamva fungo ndi mphuno, timamva kukoma ndi lilime, timamva njala, timamva chisoni, timamva Chingerezi, ndipo mwana wosamva makutu ake ndi abwinobwino. Mngerezi amafunika "hear", "smell", "taste", "feel", "understand" ndi "obey" kuti akwanitse zomwe ife timachita ndi liwu limodzi, ndipo sitisokonezeka chifukwa timamvera liwu lotsatira. "Raise" naye amafuna zomwezo. Musamaloweze yekha, muzimuloweza ndi mnzake woyenda naye, "raise an invoice" ngati chinthu chimodzi, "raise a child" ngati china. Dikishonale yabwino ya ophunzira, monga ya Oxford kapena ya Longman, imaika ziganizo zachitsanzo pansi pa tanthauzo lililonse, ndipo ziganizozo ndi zomwe muziwerenga, osangoima pa tanthauzo nambala 1.

Mawu amodzi okha pa "lift", poti ena amawasakaniza. Thumba la soya la makilogalamu 50 mumachita "lift", kunyamula ndi mphamvu. Mukati "raise the bag" zimamveka ngati mukulionetsa kwa anthu kapena mukulikoka ndi chingwe kupita padenga. Mtengo wa thumbalo ndiye mumachita "raise".

Za invoisi yolakwika ija, ngati inalowa kale m'mabuku, musaifufute kapena kuing'amba, chifukwa owerengera ndalama akadzabwera adzafuna kuona nambala iliyonse. Njira yake ndi kulemba chikalata chochotsera wogula ndalama zomwe munawonjezera zija. Musadabwe abwana akakutumizirani uthenga wina woti "Please raise a credit note." Ulendo uno "raise" wake ndi wotsitsa ngongole ya kasitomala.